Makobidi Atatu Pamutu pa Singano

Ana inu, kokerani mphasa kuno kumthunzi, dzuwa la mwezi uno silifunsa kuti uyu ndi mdzukulu wa yani. Tadala, chotsa tizingwe m'makutumo. Ukamayenda nato tsiku lonse umaoneka ngati mbuzi yodula chingwe, ndipo ndikakuitana umangondiyang'ana pakamwa. Dzulo mukusesa m'chipinda mwanga mudandifunsa za bokosi lili pansi pa bedi, Yamikani n'kulumbira kuti ndi makina osokera. Si makina osokera ayi. Dzina lake ndi gumbagumba, ndipo ndi amene adaphunzitsa mayi anu sukulu. Koma ndisanafike kwa iye ndiyambe ndi munthu wina, apo ayi simumva kanthu.

Ine mayi anga sindidawaone. Adamwalira ndikuyamwa, bambo adatsatira mvula isanagwe kawiri. Adandilera ndi ambuya a Fanesi, mayi wa mayi anga, kumudzi kwathu kumunsi kwa Ngabu. Ntchito yawo idali mchere. Inu mumadziwa wa m'pepala wa kugolosale. Ife m'chilimwe tinkapita kumalo kumene dothi limayera pamwamba ngati lathiridwa ufa, n'kumalipala ndi khasu pang'onopang'ono. Dothilo tinkaliika mumphika wobooka pansi, kuthirapo madzi, madzi odonthawo n'kuwawiritsa mpaka atauma. Otsala pansiwo ndiwo mchere, ndipo anthu a kumapiri ankatsika nacho chimanga kudzasinthanitsa. Manja a ambuya adali ong'ambikang'ambika chaka chonse.

Musaganize kuti adali agogo a nthano. Pa tsiku ankayankhula mawu oti mungawerenge ndi zala: tunga madzi, tseka nkhuku, idya. Panyumba pathu pankamveka nkhunda basi. Chimene adandiphunzitsa ndi chimodzi, ndipo adachinena kamodzi kokha, tsiku limene ndidayankha mkazi wa atsibweni anga pa nkhani ya lichero. Adandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti mwana wopanda make amaona ndi maso, pakamwa amasiyira eni mudzi. Ndidamvera. Ndidakula ndikudziwa chilichonse chochitika pabwalo, amene waba dzira, amene walira usiku, popanda wina kudziwa kuti ndikudziwa.

Ndili msinkhu wa Yamikani, kudabwera galimoto kumalo opala mchere. Mudali mzungu ndi womasulira wake, atanyamula makina okhala ndi timawilo tiwiri tozungulira. Ankafuna nyimbo zimene amayi amaimba pogwira ntchito. Amayi onse adatembenuka n'kuyang'ana ambuya. Ine ndidadabwa. Adawakankhira kutsogolo akukana, kenako adatsokomola, n'kuyamba. Ana inu, tsiku limenelo ndi pamene ndidadziwa kuti ndimagona nyumba imodzi ndi munthu wa mawu. Adali mawu aakulu, okhuthala, ofika kutsidya kwa dambo, anzawo n'kumavomera makasu akugunda pansi. Pamene nyimbo inkatha, khasu la mayi wina lidaguluka pampini n'kukagwera pafupi ndi nsapato za mzungu uja, iye n'kudumpha ngati wapondera njoka. Ambuya adaseka. Adaseka kwambiri, mutu uli chagada, makina aja akuzungulirabe. Zaka zonse zimene ndidakhala nawo, sindidawamvenso akuseka choncho.

Patapita mvula ziwiri, aphunzitsi a kutchalitchi adabweretsa kambale kakang'ono kakuda m'pepala la khaki, akuti katumizidwa kwa amene adatsogolera nyimbo. Pamudzi padalibe choimbira. Ambuya adakakulunga m'nsalu n'kukasomeka kudenga la udzu, ndipo kadakhala komweko mpaka ine nditakwatiwa.

Agogo anu aamuna, malemu, adagula gumbagumba chaka chimene thonje lidachita bwino. Iwo ankafuna wongosangalalira, koma ine ndidaona ntchito. Ndidamanga kachisakasa pafupi ndi pamsika wa thonje pa Ngabu n'kumagulitsa tiyi ndi mandasi. Ogulitsa tiyi tidalipo ambiri, koma wa nyimbo ndidali ndekha. Alimi akatsitsa mabelo pangolo ankabwera kwa ine, kapu imodzi n'kukhala nayo mpaka nyimbo zitatu. Mabatire akafooka ndinkawayanika padzuwa ngati nsomba. Museke, koma ankadzukadi, n'kuimbanso mbale ziwiri.

Ndikuuzeni mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mbale imakhala ndi timizere tating'ono tozungulira kuchokera m'mphepete mpaka pakati, ndipo nyimbo imakhala m'timizeremo. Pambali pa mbale pali mkono. Kumapeto kwa mkono kuli kamutu, pansi pa kamutu pali kamwendo, kunsonga kwa kamwendo ndiye kuli singano. Singano ikamayenda mumzere imanjenjemera, kunjenjemerako n'kumene kumatuluka m'sipika ngati mawu. Mkono wa gumbagumba wanga ndi wonenepa, wolemera, ndipo kamwendo ka mutu wake kadali kouma gwa ngati mwendo wa bulu. Anthu akamavina n'kumagwedeza pansi, singano inkadumpha, ndiye tinkaika khobidi limodzi pamwamba pa kamutu kuti ikhazikike. Aliyense wa gumbagumba kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje ankachita zimenezo, ndipo zinkathandizadi. Bulu ukamuwonjezera kathumba kamodzi sagwa.

Tsiku loyamba kuika kambale ka ambuya, ndidawaitana kuti adzamve. Adaima pakhomo, osalowa. Adamvetsera mpaka pa chiseko chija, kenako adati mkazi ameneyo alibe manyazi, n'kubwerera kukasenda nandolo. Koma madzulo ake ndidawaona akupukuta kambaleko ndi nsonga ya mpango wawo, pang'onopang'ono, poganiza kuti palibe akuwaona. Adamwalira patapita zaka ziwiri. Kuchokera pamenepo ndinkakaimba kamodzi kokha pachaka, tikamaliza kutola thonje, chitseko chili chotseka. Sindinkakapititsa kumsika. Titafolera nyumba ndi malata kutentha kudakapinda pang'ono mbali imodzi, koma mutu wanga wouma uja unkakwera kaphirika n'kutsika popanda vuto.

Chaka china singano idatha, ndipo wokonza mawailesi wa pa Bangula adandiikira mutu wina wonse. Adauchotsa pa makina akufa a kunyumba za mabwana a kuminda ya nzimbe, n'kunditsimikizira kuti umenewo ndiye wapamwamba. Nditafika nawo kumsika, mawu ankatuluka aang'ono ngati a udzudzu, ndipo mkono unkavina wokha mmwamba ndi pansi. Ndidaika khobidi monga mwa chizolowezi. Pofika Loweruka mbale zanga ziwiri za rumba zidali zitayera timizere, zikungolira fwaa. Ndidabwerera ku Bangula. Sindidakangane naye munthuyo, ndidangopempha kuona makina amene mutuwo udachokera. Mkono wake udali wowonda ngati phesi la mapira, uli ndi kachitsulo kolemera kumbuyo kokwezera kutsogolo, moti nditaupuzira mpweya udasuntha. Ndidaunyamula ndi chala, n'kunyamulanso wanga. Kenako ndidakhudza kamwendo ka singano yake. Kadali kofewa, kobwerera, ngati liwombo la khanda.

Palibe adandifotokozera, koma ndidamvetsa. Mutu wouma umafuna mkono wolemera, mutu wofewa umafuna mkono wopepuka. Palibe woipa pa iwiriyo, kuipa kumabwera ukaisinthanitsa. Goli la ng'ombe zazikulu ukaliika pakhosi pa thole, thole limagwada, ndipo ukalikwapula limangogwadiratu. Ndidabwezeretsa mutu wanga wakale, singano ndidakaipeza kwina. Sungani zimenezi, kuti pamene ndikufika pa zotsatirazi mudziwe kuti sindidali mbuli.

Kenako adabwera matipate. Inu mumawerenga za mavoti m'mabuku, ife tidaona kumsika. Nsalu za zipani, kaunjika milumilu, ndi makaseti paliponse. Mnyamata aliyense ankayenda ndi wailesi paphewa. Masitolo adasiya kubweretsa singano, ogulitsa achinyamata sankadziwanso kuti ukufunsa chiyani, wina adandipatsa singano yosokera. Nthawi yomweyo mutu wanga wokhulupirika uja udangoti zii. Nditautsegula ndi nsonga ya mpeni ndidapeza mkati mwasungunuka, mwanyowa ngati mchere wa m'dzinja. Kutentha kwa kuno kumadya chilichonse. Ndidatuma madalaivala a minibasi, ndidatuma amalonda a nsomba opita ku Limbe, onse ankabwerako chimanjamanja. Zaka zitatu kambale ka ambuya kadakhala osaimba. Koma kadali kamoyo. Mawu adali momwemo, akungodikira.

Tsopano ndikuuzeni za atsibweni a Lufeyo, mlongo wa mayi anga, mwana wotsiriza wa ambuya. Adakhala zaka zambiri ku Halale, atabwerako n'kukhala kapitawo kuminda ya nzimbe. Adali munthu wa jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, wa mawu aakulu ngati a mayi awo koma opanda nyimbo. Pamene ambuya ankadwala sadabwere, maliro adawapeza ataikidwa kale. Sindikuwanena, adapita. Ndikungoti chinthucho chinkawadya mumtima, ndipo atapuma pantchito adaganiza zomangira mayi awo chiliza cha simenti, monga anthu adayambira kuchita masiku amenewo. Adaitana abale onse, akuluakulu a mpingo, ngakhale akuchikazi kwawo a ku Maseya.

Adakumbukiranso za kambale. Maganizo awo adali abwino, ndisaname. Adati pa tsiku la chiliza mbumba yonse imve mawu a mwini chiliza, ndipo mwana wawo Binoni abwere ndi wailesi ya kaseti ajambule, kuti nyumba iliyonse ikhale ndi tepi yake. Ndidawauza kuti gumbagumba alibe mutu. Adati zimenezo ndiwasiyire. Nthawi imeneyo anthu othawa nkhondo a ku Mozambiki adali akubwerera kwawo, ndipo azungu amene ankawathandiza ankagulitsa katundu wawo ku Nsanje asananyamuke. Atsibweni adapita kumeneko n'kubwerako ndi kabokosi.

Kumanda tidapita mmawa. Tidapemphera, nsalu idachotsedwa pachiliza, amayi adaimba. Titabwerera kunyumba anthu adakhala pansi pa mitengo ya nimu, amuna pamipando, amayi pamphasa. Atsibweni adaitanitsa tebulo pakati pabwalo, ine n'kutulutsa gumbagumba ndi kambale m'nsalu yake. Adatsegula kabokosi kaja mokweza kuti onse aone. Kamutu kadali kokongola, konyezimira. Pamene Binoni ankafunafuna waya, ndidayandikira ngati ndikupukuta tebulo, n'kukhudza kamwendo ka singano ndi nsonga ya chala. Kadabwerera. Liwombo la khanda. 

Ndidayesa, ana inu, ngati kumeneko n'kuyesa. Ndidagwada pambali pa mpando wawo n'kunena motsitsa kuti, “Atsibweni, bwanji tiyambe tayesera pa mbale ina?”

Adandifunsa kuti mbale ina iti. Ndidati ndili ndi za rumba. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mokweza kuti mipando yonse imve.

“Rumba? Pa chiliza cha mayi anga, abusa ali pompa? Mwanawe, uku si kumsika kwa tiyi. Uwu ndi mutu wa azungu, suyesedwa.”

Anthu adaseka pang'ono. Ndidali ndi ana anayi ndi imvi zoyamba, koma ndidadzuka ngati kamtsikana, n'kukatenga beseni ndi jagi kuti ndisambitse alendo m'manja.

Mabowo a kamutu katsopano sadagwirizane ndi a mkono, ndiye Binoni adakamangirira ndi waya n'kukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mkono wolemera kale udalemereranso. Adayatsa. Kambale kadayamba kuzungulira, singano idatera.

Mawu adatuluka, koma aang'ono kwambiri, ngati munthu akuimbira m'chitsime. Ndipo pofika pa kaphiri kopindika kaja, mkono unkanjanja ngati bwato lodutsidwa ndi mvuu, singano n'kudumpha mizere iwiri. Akumbuyo adayamba kunena kuti akweze. Binoni adati wakweza kale mpaka pamapeto. Atsibweni adawerama, n'kuyang'ana, n'kunena kuti singano siikugunda pansi mokwanira, ndani ali ndi khobidi. Mkulu wa mpingo wina adapisa m'thumba. Palibe adadabwa, aliyense pabwalopo adakula akuona khobidi pamutu pa singano.

Ataika khobidi loyamba kudumpha kudachepa, koma kamwendo kaja kadapindika, kamutu n'kutsika. Mawu sadakule. Sakadakula ngakhale akadaikapo mwala wa mphero, chifukwa mutu wotero umafuna makina ena okuzira mawu amene gumbagumba alibe. Adaika lachiwiri. Adaika lachitatu, n'kumanga onse atatu ndi mphira. Apo mimba ya kamutu idagona pambale n'kumakhwekhwereka, singano itapendekera cham'mbali ikulima mumzere. Ine ndidali nditaima mapazi atatu kuchokera patebulo, jagi ili m'manja. Maso anga nthawi imeneyo adali akuthwa. Ndidaona timaulusi takuda, topyapyala ngati tsitsi la mwana, tikupotana kumbuyo kwa singano n'kumagwera patebulo. Wina aliyense ankamvetsera. Ine ndekha ndinkayang'ana.

Kukadakhala kamodzi, mwina china chikadatsala. Koma ulendo woyamba Binoni adaiwala kudina batani lojambulira. Wachiwiri, abusa adati sadamve bwino, asendeze tebulo. Wachitatu, amayi amene ankaphika kuseri adabwera akupukuta manja, nawonso amafuna kumva. Kenako akuchikazi a ku Maseya. Kenako atsibweni adati tepi ijambulidwenso chifukwa mbuzi idalira. Ndidasiya kuwerenga pa kachisanu ndi chimodzi. Ulendo uliwonse mawu ankapita kutali, fwaa uja n'kumayandikira.

Padali gogo wina, a Nyamazawo, wotsala yekha mwa amayi opala mchere aja. Adamubweretsa pafupi ndi sipika atamugwira mkono. Adatchera khutu nthawi yaitali, kenako adapukusa mutu n'kunena m'Chisena chake, “Nkhabe, uyu si Fanesi tayu.” Adati Fanesi akaimba ng'ombe zinkatukula mitu, uyu ndi munthu wodwala chifuwa. Anthu adaseka kuti ukalamba wawatseka makutu agogowo. Adanena zoona okhawo.

Tadala, ndikukuona nkhope. Ukufuna kundifunsa kuti bwanji simudangotambasula dzanja n'kunyamula mkonowo. Iwe ukadatero, ndikudziwa, iwe umayankha ngakhale wapolisi. Funso limenelo ndadzifunsa ndili kumunda, ndili pachigayo, ndili m'tchalitchi. Kunyamula mkono wa gumbagumba kumafuna chala chimodzi. Makina adali anga, kambale kadali kanga, wodziwa ndidali ine. Koma kutero kukadakhala kuuza atsibweni pamaso pa akuchikazi kwawo ndi abusa kuti chinthu chimene adapitira ku Nsanje ndi chachabe, kuti mwana wamasiye wogulitsa mandasi akudziwa kuposa kapitawo. Ndinkadziuza kuti ulendo uno ndi womaliza. Ukatha ndinkadziuzanso chimodzimodzi. Madzi a m'jagi adatenthera m'manja mwanga.

Mmawa mwake alendo atabalalika, ndidatulutsa kambale padzuwa n'kukapendeka. Timizere timene tidali takuda tonyezimira tidali titatuwa ngati phulusa. Chapakati, pamene nyimbo imathera, padali mkwasa woyera wodutsa mizere yonse yomaliza. Ndidakakulunga m'nsalu yake. Atsibweni adanyamuka ali okondwa, akuuza aliyense panjira kuti adaukitsa mayi awo kwa tsiku limodzi, vuto lidangokhala makina a mwanayu, ndi ofooka.

Mutu wouma ndidadzaupeza patapita zaka zinayi, pa katundu wa mphunzitsi wina wopuma amene ana ake ankataya. Ndidaumanga ndekha, bwinobwino, n'kutseka chitseko monga kale. Mawu a makina adatuluka aakulu ngati masiku a thonje. Koma chimene chidakula ndi fwaa uja, ngati mvula ya pamalata. Pansi pa mvulayo, ukamvetsetsa, pali wina akuimba kutsidya kwa Shire, osadziwika kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Pofika pa chiseko singano imangogwera mumkwasa uja n'kutsetsereka mpaka pakati. Ndidayesa katatu. Sindidayesenso.

Mudziwa, madzi osefukira adanditengera nyumba kawiri, ng'ombe, mbuzi, mabuku a mayi anu. Zonsezo ndidalira n'kuiwala, chifukwa madzi sungawaletse ndi chala. Ichi chokha ndi chimene sichichoka. Ndipo mutu wa munthu nawo ndi mbale, umatha. Kale ndikatseka maso ndinkawamva ambuya akuseka. Masiku ano ndikayesa, chimabwera ndi chiseko cha mayi anu, nthawi zina cha mkazi wina wogulitsa tomato pa Ngabu. Chenichenicho sindikuchipezanso.

Tepi ija Binoni sadaichulukitse. Ataimvera kwawo adachita manyazi, n'kundisiyira ine. Wailesi yake idali patebulo, pafupi ndi pakamwa pa anthu kuposa pa sipika, ndiye idajambula chimene chidali pafupi.

Atsibweni adakalamba, maso adachita khungu, miyendo idatupa. Ana awo adali m'tauni, wina kunja. Adabwera kudzagona m'chipinda chomwe mumagona inucho, ndipo amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza ndi ine. Mawu aakulu aja adali atatha. Adasiya kunditchula mwanawe, ankati mayi. Tsiku lina masana, kukutentha ngati lero, ndikuwamwetsa phala, adagwira dzanja langa.

“Mayi, kambale kaja kalipo? Ndiikireni. Ndikufuna ndimve amayi ndisanapite.”

Iwo sankadziwa. Zaka zonsezo ankakhulupirira kuti kambale kali bwinobwino m'nsalu yake. Ndidanama kuti gumbagumba adafa. Adati nanga tepi ya Binoni. Ndidasowa bodza lachiwiri. Ndidabwereka wailesi ya kaseti kwa aneba, n'kuiika pamtsamiro pafupi ndi khutu lawo.

Tepi idayamba. Mipando ikukhuluka, mwana akulira, mbale za chakudya zikugundana. Kutali kwambiri, kamawu kakang'ono kakuyamba nyimbo. Nkhope ya atsibweni idasintha, adatukula mutu pamtsamiro. Pomwepo pa tepi padabuka mawu aakulu a mwamuna, pafupi penipeni, akulamula kuti akanikize makobidi aja, akuuza mnyamata kuti amange zolimba, akufotokozera abusa kumene adagula mutuwo ndi mmene azungu adaukanirira. Adayankhula mpaka nyimbo idatha.

“Ndani ameneyo?” adandifunsa. “Ndani akusokosayo? Muuzeni akhale chete, ndimve amayi.”

Sadadzizindikire. Munthu sadziwa mawu ake, makamaka a zaka zimene adali ndi mphamvu. Adandiuza kuti ndibwezere. Ndidabwezera ndi pensulo kuti mabatire a eni ake asathe, n'kuikanso. Adayesa kutchera khutu kupyola munthu uja, thukuta likutsika. Munthu uja adalowereranso pamalo pomwepo. Atsibweni adamenya mphasa ndi chikhatho, adamutukwana kuti ndi wopanda mwambo, wobadwira kutchire, adafunsa kuti adamuitana ndani pa chiliza cha mayi awo. Kachitatu adangolira, misozi ikulowa m'makutu. Adandifunsanso dzina lake, kuti ngakhale ali kumanda akamufunse chimene adawalakwira.

Ndidati sindikumukumbuka.

Adamwalira sabata yotsatira, akumukwiyirabe munthuyo. Sindikudziwa ngati ndidawachitira chifundo kapena ndidangochita chimene ndimachita nthawi zonse.

Tepiyo ili m'bokosi momwemo, pansi pa mkono. Mukapeza choimbira, imvereni, sindikukanizani. Mudzamva abusa akutsokomola. Mudzamva Binoni, mudzamva a Nyamazawo akukana, mudzamva mbuzi, ngakhale mayi anu ali mtsikana akufunsa ngati mpunga wakwanira. Aliyense amene adali pabwalo tsiku limenelo ali mmenemo. Ine ndidaima pafupi ndi wailesiyo kuposa onse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukandifunefune. Simudzandimva.